Suti ya Juni pa Ukwati wa Okutobala

Mukadzaona zithunzi za ukwati wa Tiyamike, mwana wa mlongo wanga, musavutike kufunafuna ankhoswe akuchikazi. Mulibemo. Pamene anthu ankajambulitsa, ine ndinali gone kuseri kwa tchalitchi, wopanda malaya.

Ndine mphunzitsi, ndipo thupi langa ndi lija anthu amakufunsa ngati ukudwala pamene uli bwinobwino. Mlongo wanga atandiuza kuti ndikhale nkhoswe, ndinaona kuti jekete yanga yakale, yoyera choko m'zigongono, singaime pamaso pa akuchimuna. Iwo anali a ku Lilongwe, anthu a m'maofesi.

Ndinapita pa msika wa Ntchisi Boma mwezi wa Juni. Amene munakhalako mukudziwa: chifunga mpaka masana, mphepo yolowa m'mafupa. Ndinavala majuzi awiri, ina yofiira, ina yokhuthala yoluka akazi anga.

Wogulitsa, bambo wa pakamwa pothwa, anatsitsa suti yakuda.

"Vulani majuziwo, aphunzitsi, tiyese bwino."

"M'mphepo muno? Ingondivekani pamwamba pomwepa."

Sanalimbikire. (Ndinali nditapisa kale dzanja m'thumba, akanalimbikiranji?) Jekete inandikwana ndendende. Pagalasi losweka ndinaona munthu wa mapewa, wa chifuwa, woti akatsokomola msonkhano wonse ukhala chete. Thalauza ndinangoiyeza pakhosi monga timachitira tonse. Kunyumba ndinaipachika sutiyo m'pulasitiki, osaikhudzanso.

Ukwati unali wa Okutobala, kwa Dzoole. M'mawa wa tsikulo ndinavala malaya oyera, ndikuponya jekete pamwamba. Mapewa anagwera m'mikono, manja anameza zala zonse. Akazi anga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo a Chisomo, mwini wake akubwera nthawi yanji?"

Galimoto inali ikuliza kale hutala panja. Ndinaganiza mwamasamu: chimene chachoka chibwerere. Ndinavala majuzi onse awiri, koma mkati mwa malaya kuti asaoneke, yofiira ija pamwamba chifukwa ndi yosalala. Mabatani a malaya analira, komabe anatseka. Mapewa anga anabwerera.

Tchalitchi chake ndi cha malata, ndipo chinadzaza mpaka m'mawindo. Pofika nyimbo yachiwiri ndinali nditanyowa mpaka m'masokosi. Nkhoswe mnzanga wakuchimuna, amene anakhala pambali panga, anandinong'oneza.

"Vulani jeketeyo, achimwene. Mulungu amamvetsa."

"Ndinazolowera," ndinatero, thukuta likudontha kumphuno.

Abusa analalikira za kupirira m'banja, ndipo ndikukhulupirira kuti m'tchalitchi monsemo wopirira weniweni ndinali ine. Kenaka anaitana ankhoswe kutsogolo kuti tikasaine. Ndinaimirira, ndinamasula batani la jekete kuti ndipume pang'ono, ndipo mayi wina wa mukwaya anakuwa.

"Mayo ine! Magazi!"

Juzi yofiira ija inali itasuluka ndi thukuta, utoto utalowerera malaya pachifuwa ponse. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinayang'ana pachifuwa, nanenso ndinakhulupirira. M'maso munachita mdima, ndinagwa pansi.

Akuti Tiyamike anataya maluwa, ndikuthamanga ndi velo yake akulira, "Amalume! Amalume!" Anthu anandinyamulira panja. Mwamwayi, kapena mwatsoka, mchemwali wake wa mkwati anali namwino. Anayamba kufunafuna bala, anthu atatizungulira. Anachotsa jekete. Anachotsa tayi, anachotsa malaya. Anapeza juzi, anaivula. Anapeza juzi ina. Apa anaima kaye, ndikupukuta nkhope.

"Bambo, koma mulimo mkatimu?"

(Mawu amenewa ndinawamva ndekha. Ndinali nditatsitsimuka, koma ndinaona kuti ndi bwino kupitiriza kutsinzina.)

Anandithira madzi, kwaya inayambiranso, ndipo ndinasainira panja pomwepo nditafunda chitenje cha mlongo wanga. Ukwati unamangidwa. Akuchimuna anali aulemu kwambiri; anadikira mpaka atakwera galimoto kuti aseke, ngakhale mawindo anali otsegula.

Tiyamike sanandisungire mangawa. Mlongo wanga ndiye anandilankhulanso pa Khirisimasi.

Telala wa pa Chisepo ataiona sutiyo anati akhoza kuibweza bwinobwino, ndipo nsalu yotsala itulutsa kabudula wa mwana wa sukulu. Ndinakana. Suti yabwino ngati imeneyo siyofunika kuidula chifukwa cha zofooka za mwini wake. Ndinayamba kudya mtedza ndi mapeyala tsiku lililonse. Mpaka pano ndanenepa masaya okha.