Rula ya malemu bambo ndi injini ya alamu

Mpaka lero ndikamadutsa padoko la Mbamba Bay, asodzi amayamba kutsokomola mwadala. Mlandu ndi wanga.

Malemu bambo anga ankagwira ntchito ku injini m'sitima yapanyanja, ndipo chuma chimene anandisiyira ndi rula yowerengetsera masamu, yokhala ndi kathabwa kotsetsereka pakati. Ankati makina owerengetsera asanabwere, akatswiri ankamanga milatho ndi sitima ndi kanthu kameneka. Nditapuma pantchito ya uphunzitsi (wa Chiswahili, osati masamu, apa ndivomereze), ndinkangoti uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Rula ija ndinkayenda nayo m'thumba la malaya, kusakasaka munthu wovutika ndi samu.

Amene anapezeka ndi alamu anga. Anali atagula injini ya boti, ya mtundu wosakaniza petulo ndi oyilo, ndipo Loweruka lina ankanyamula kwaya ya kutchalitchi kwathu kupita ku ukwati ku Ndumbi. Wotsogolera kwayayo ndi mkazi wanga, ndipo nyimbo ya ukwatiwo anaiphunzitsa miyezi itatu.

"Shemeji," anandiitana chotero (ndiye kuti alamu m'Chiswahili), "akuti magawo makumi asanu a petulo, limodzi la oyilo. Petulo ndi malita 25. Oyilo ndithire wochuluka bwanji?"

Ndinasolola rula anthu akuona, kutsetsereza uku, kubweza uku. Inaloza pa 5.

"Malita asanu."

"Asanu? Wogulitsa uja anati pang'ono chabe."

"Wogulitsa wanuyo anamangapo sitima?"

Alamu anagwa mphwayi, nathira. Chimene ndinaiwala, chimene bambo ankandikokera nacho khutu, n'chakuti rula imeneyi imangokupatsa nambala, koma kadontho umaika wekha ndi mutu wako. Yankho linali 0.5, theka la lita.

Tinanyamuka (inenso ndinakwera, monga katswiri). Utsi unayamba pang'onopang'ono, kenaka unatikuta tonse moti wakutsogolo samaona wakumbuyo. Amayi a kwaya, ovala zoyera, anayamba kutsokomola. Ine ndinati injini yatsopano imatero. Inatsamwa kawiri, kachitatu inangoti zii.

Nkhafi zinali ziwiri zokha. Ndinapalasa mpaka manja kutuluka matuza, ndikungoyang'ana wotchi ngati ingandimvere chisoni. Nthawi ya ukwati itakwana, tinali tidakali pamadzi.

Mkazi wanga sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anaimirira m'boti, malaya ali bii ndi mwaye, nakweza dzanja.

"Amayi, nyimboyi tinaivutikira. Tiyeni tiimbe."

Anaimba yonse, mawu ali osasa, omvera tili ine ndi alamu. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo.

Ndinalumbira kuti rula ija sindidzaigwiranso. Koma alamu akufolera nyumba mwezi uno, ndipo dzulo ndinawauza kuti malata ndiwawerengetsera ndine. Anangondiyang'ana, n'kuyamba kutsokomola.