Alendo a m'chifu cha Chatsala

Lolemba
Dzuwa lapsereza msipu wonse. Chatsala, mbuzi yokhayo imene madzi osefukira anatisiyira, ali ndi bere koma nthiti zili pamtunda. Lero alangizi a ziweto atiphunzitsa ku Jenala. Akuti mbuzi payokha singagaye mapesi. M'chifu mwake muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timafewetsa mapesiwo kuti mbuzi ipezemo mphamvu. “Mukamadyetsa mbuzi, mukudyetsa tizilomboto.” Kani ndili ndi alendo pakhomo osadziwa! Cholinga changa: Chatsala anenepe asanabereke.

Lachiwiri
Ndaduladula mapesi a chimanga, mapesi a mpunga, makoko a nandolo. Manja matuza okhaokha. Chatsala wanunkhiza, wandiyang'ana, wagona. Mkazi wanga akuti, “Inuyo mungadye zimenezo?”

Lachitatu
Funso lija landisowetsa mtendere. Kwathu mlendo sitimupatsa zouma. Ndathira madeya beseni lodzaza. Alangizi anati madeya azikhala pang'ono, koma anthu a pa boma kuumira anazolowera. Chatsala wamaliza onse mpaka kunyambita beseni. Alendo anga akhuta!

Lachinayi
Mayo ine! Mimba ya Chatsala yatupa kumanzere ngati ng'oma. Sakubzikula, akungobuula. Ndili ndi mantha, chifukwa akafa, afa awiri. Ndamumwetsa mafuta ophikira. Anali omaliza, ndiye mkazi wanga sakundiyankhula.

Lachisanu
Alangizi abwera pa kabaza, amumwetsa soda. “Achimwene, madeya akachuluka amasasa m'chifu, tizilombo togaya mapesi n'kufa.” Ndapha alendo ndi chakudya! Akuti ndikatenge zimene mbuzi yathanzi ikubzikula, ndisungunule m'madzi ofunda, ndimwetse Chatsala kuti tizilombo tiyambenso kuswana. Mbuzi zathanzi kuno ndi za a Makwinja, oyandikana nafe. Moto timapalana, mchere timapemphana, koma izi ndikayamba bwanji?

Loweruka
Ndaodira kwa a Makwinja, zii, kulibe munthu. Tonde wawo ali pamthunzi, akutafuna mwaulemerero. Ndamupana pakati pa miyendo, ndalowetsa zala m'kamwa. Wandiluma! Komabe zobiriwirazo ndazipeza, ndazikulunga patsamba. Potembenuka, mayi Makwinja ali chilili, ndowa pamutu. “Anthuni, bwerani mudzaone! Akutenga zam'kamwa mwa mbuzi yathu, akachitire mankhwala!” Mudzi wonse wakhamukira pomwepo. Ndayesa kufotokoza kuti ndimangofuna tizilombo tosaoneka. Pamenepo ndiye zinthu zaipiratu. Ndathawa ndi tsamba langa, ndasungunula, Chatsala wamwa.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndakhala ndekha, motakasuka. Pobwerako ndapeza Chatsala waima, mimba yaphwa, akubzikula pang'onopang'ono. Watola ndi mapesi omwe. Misozi yalengeza, sindibisa.

Masana a Makwinja abwera ndi mkulu wa mpingo. Za ufiti azisiya, ndipo za tizilombo azimvetsa kuposa ine. A Makwinja akuti, “Achimwene, amene akumugayira Chatsala chakudya panopa ndi tizilombo tathu. Ndiye kamwana kali m'mimbamo kakukula ndi thukuta la yani?” Mkulu wa mpingo wagwedeza mutu kuvomereza. Tagwirizana kuti kamwana koyamba kutuluka n'kawo, akabereka awiri kachiwiriko n'kanga. Tagwirana chanza, ine ndi dzanja lamanzere poti chala chatupa.

Chatsala chibadwire sanaberekepo mapasa.