Anti Merle, Wolanda Maofesi a Eni

M'tauni yathu ino, kumadzulo kwa New South Wales, bwana aliyense amadziwa kuwawa kwa kulandidwa ofesi masanasana. Wolandayo anali mmodzi yekha, malemu Anti Merle, mayi wachiaborijini, mtundu wa eni nthaka a dziko lino, wamfupi koma wa mawu ofika kutsidya kwa mtsinje. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu a m'maofesi mbiri ndi chikhalidwe cha eni nthaka. Bizinezi yonse inali iwowo, galimoto yokhosomola, ndi ambulera yofiira.

Gavin anawadziwa bizineziyo ili pafupi kutsirizika. Iye anali mlangizi wa mabizinezi ang'onoang'ono, mzungu wadazi, wofatsa, amene bungwe lothandiza eni nthaka linamupempha kuti awawongolere. Tsiku loyamba Anti atafika kuofesi kwake, Gavin anangotuluka kukawatengera tiyi. Pobwera anapeza Anti ali phee pampando wake, ambulera atayizika mumphika wa maluwa, chithunzi cha mkazi wake chitayang'ana kukhoma.

"Ndatulukira malo atsopano," anatero Anti, akuuza denga. "Abwino zedi. Mulibe munthu."

"Pepani Anti, ndilipo ine."

"Kukumveka kaphokoso. Kaya ndi mbalame."

"Ofesiyi ndi yanga!"

"Mbendera yako ili kuti? Yanga ndi iyi."

Gavin anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, kapu ikumuwotcha zala. Atamusiya choncho kwa kanthawi, Anti anati, "Wapsa mtima eti, mwanawe? Iwe waima kamphindi chabe. Ife tinaimikidwa pakhomo chiyambire agogo a agogo anga. Phunziro loyamba latha. Bweretsa tiyiyo."

Apa Gavin anamvetsa chifukwa chake makasitomala sankabwereranso. Anayesa kulangiza monga mwa ntchito yake.

"Anti, kasitomala amafunika kumunyengerera."

"Ndi khanda?"

"Ayi, koma azituluka akumwetulira."

"Akafuna kumwetulira apite kojambulitsa."

Ndiye Gavin anapeza nzeru: aziphunzitsa pa kompyuta, poti munthu sangalande ofesi ali kutali. Anawapezera antchito a banki ina ya ku Sydney, gulu lonse, aliyense m'kabokosi kake pagalasi. Zinayamba bwino, mpaka Sajeni, galu wa Anti, anakwera pasofa. Anti anaiwala kuti akumveka.

"Tsika pampando! Ndati tsika! Unagula ndiwe, chimutu iwe?"

Gavin, amene ankaonerera ali kuofesi kwake, anaona anthu akunyamuka mmodzimmodzi, mpaka bwana wamkulu wa tayi naye nji.

"Tuluka panja!"

Ena anatulukadi. M'mawa mwake abanki anaimba foni kunena kuti phunziro logwira mtima chotero sanalionepo. Gavin anangoti zikomo, n'kukamwa mankhwala a mutu.

Kupolisi n'kumene anatsala pang'ono kukomoka. Anaimika galimoto moyang'ana kumsewu kuti zikavuta kuthawa kusavute. Anti analanda ofesi ya mkulu wa apolisi ndi chipewa chomwe, anamwetsa apolisi onse tiyi wambirimbiri, kenako n'kuika lamulo: palibe wopita kuchimbudzi popanda chilolezo, monga momwe mayi a Antiwo sankatulukira pamishoni pomwe eni nthaka ankasungidwa, mzungu woyang'anira asanalole. Posakhalitsa mkulu uja, chimunthu cha ndevu, anakweza mkono.

"Anti, ndingatulukeko?"

"Ukatani kunjako?"

"Zachinsinsi, Anti."

"Ndiganizira kaye. Anthu inu mukatuluka simubwerera."

Gavin anawanong'oneza, "Anti, atimanga!"

"Amanga bwanji munthu, miyendo atapiringiza chonchi?"

Mbiri inawanda, koma ntchito zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo bungwe lija linati bizineziyo ikapanda kupeza kasitomala wokhazikika lisiya kuithandiza. Gavin anathamangathamanga mpaka anapeza mwayi pachipatala. Anawachonderera ngati mwana.

"Anti, chonde, ambulera itsale kunyumba. Musalande kanthu."

"Chabwino."

Kuvomera msangako kunamuopsa kuposa kukana.

Tsikulo anamwino ndi madokotala anadzaza chipinda, koma mphunzitsi osaoneka. Gavin, thukuta lili kamukamu, anatuluka kukawasaka. Anawapeza m'khonde, pabenchi ya odikira kuonana ndi dokotala, atavala juzi yakutha, mutu atatsamiritsa kukhoma, maso atatseka.

"Anti, mwadwala?"

"Kawaitane onse abwere kuno."

Atadzaza m'khondemo, Anti anatsegula maso. Mawu awo aja ofika kutsidya anali atatsika, moti anthu anachita kusendera.

"Mwandidutsa nonse pano. Palibe wandifunsa. Wina wauza mnzake kuti, 'Taona uyo, walawirira kumwa.'"

Anti anapitiriza.

"Mlongo wanga Clarrie anakhala pabenchi ngati yomwe ino. Mowa sanaulawepo chibadwire. Anali ndi matenda a shuga, lilime litalemera. Anamuuza kuti apite akagone, mowa umuthere. Clarrie anali womvera. Anapita kukagona, ndipo sanadzukenso."

Gavin anali atayenda nawo m'galimoto yokhosomola ija kufikira kumidzi yakutali, atadya nawo mikate yootcha pamakala, koma sankadziwa n'komwe kuti anali ndi mlongo. Anangokhala pansi pomwepo ndi jekete lake.

Namwino wina wachikulire anatuluka m'gulumo. "Ndine ndanena zija, Anti."

"Ndakumva. Bwera ukhale apa, mchemwali."

Anamugwira dzanja, osalisiya mpaka phunziro lonse linathera m'khondemo. Kuyambira pamenepo, achipatala akalemba antchito atsopano ankayamba awatumiza kwa Anti, ndipo bizinezi inaima ndi miyendo yake.

Pobwerera Gavin anafunsa, "Bwanji simunandiuze za a Clarrie?"

"Ndikuuze iwe? Ukanati tizilembe pachikwangwani. Yang'ana kutsogolo, ugunda nkhosa."

Anti anatisiya chaka chatha, mwadzidzidzi, ali pakhonde pawo akusenda lalanje. Sharni, mwana wa mng'ono wawo, ataimbira Gavin kumuuza, iye anaseka.

"Auze kuti ulendo uno sandipusitsa. Ndi phunziro lanji limeneli?"

"Ankolo Gavin, si phunziro."

Anapita ndithu kumaliro akuyembekeza kuti mwina atulukira kuseri kwa tchalitchi n'kuyamba kukalipira anthu chifukwa choimba mozizira. Anakhulupirira ataona dothi likugwera pabokosi.

Pano bizinezi ili m'manja mwa Sharni, ndipo ikuyenda bwino. Ndi mayi wanzeru, wodekha, amayamba pa nthawi yake n'kumaliza pa nthawi yake. Gavin amamuperekezabe. Koma tauniyi yafatsa moipa. Pamsika anthu amagula n'kumapita, popanda wowaimitsa kuwafunsa kuti kwawo kwenikweni n'kuti. Kupositi mzere umayenda mwachangu, poti palibenso woyambitsa mlandu ndi munthu amene sakumudziwa.

Sabata yatha, atatuluka kophunzitsa aphunzitsi a sukulu ina, Sharni anafunsa, "Mwaiona bwanji ya lero, Ankolo?"

"Yayenda bwino kwambiri. Palibe wadandaula ngakhale mmodzi."

"Nanga mukuliriranji?"

Gavin anapukuta magalasi ake ndi tayi, anawavalanso, n'kuliza galimoto.