Nambala ya Magazini ya Amalume

Lolemba
Ndayamba! Magazini ya nkhani za madoda amene anakagwira ntchito kunja, makamaka kumigodi ya ku Joni. Kuno ku Kandeu atsala asanu ndi anayi. Ndili mwana ankatsika basi ndi masutikesi achitsulo onunkhira sopo. Lero chowatsalira ndi chifuwa. Nkhani yoyamba ndi ya amalume anga, a Maseko, ndipo ndikufuna aione pa pepala akadali moyo.

Wosindikiza wa pa boma akuti magazini yeniyeni imakhala ndi nambala yakeyake pachikuto, ISSN, kuti nyumba zamabuku ziizindikire. Amalume akondwa: "Kumgodi, munthu wopanda nambala satsika. Usasindikize isanabwere."

Fomu ikufuna:
dzina
chithunzi cha chikuto
keyala
izituluka kangati pachaka.
Zophweka!

Lachiwiri
Msonkhano wa dzina, pakhonde la amalume. Fomu ikuti dzina likasintha, nambalanso isintha, choncho tisankhe kamodzi. Atatu akuti iwo sanaone mgodi, ankalima fodya ku Halale, dzina liwatchule. A Ndau, mmodzi wa a kumigodi, akukana: "Inu munkagwira ntchito padzuwa ngati atsikana!" Chifuwa chawagwira onse. Popeza palibe wotha kuyankhula, ndalemba kuti agwirizana.

Lachitatu
Maliro. A Ndau. Nkhani yawo ndinailemba theka, yathera m'sitima, asanafike n'komwe ku Joni. Lero cholembera sichigwiridwa.

Lachinayi
Pa boma, kumakompyuta olipira. Magetsi kulibe. Abwera. Apitanso. Pa funso la kangati ndalemba kanayi. Mayi woyang'anira malowo akuwerenga ndi zala: madoda asanu ndi atatu, awiri m'magazini iliyonse. "Chaka chimodzi, bambo. Nanga kenako?" Ndamuuza kuti ayang'ane za magetsi.

Lachisanu
Ndawerenga timalemba ta kumunsi kwa fomu. Nambalayi ndi ya zotuluka mosalekeza, zopanda tsiku lothera. Chokhala ndi mathero ndi buku: nambala ina, fomu ina. Ndiponso yankho silibwera tsiku lomwelo.

Amalume awagoneka kuchipatala. Ndawafotokozera. "Lemba kuti sidzatha," akutero. "Ine ndinalowa Joni ndi zaka za mkulu wanga." Akufuna kuseka, mpweya ukukana.

Loweruka
Kunama ndalephera. Kudikira ndalepheranso. Ndajambulitsa masamba khumi ndi awiri, chikuto chopanda nambala, n'kukwera nawo minibasi. Amalume ndawapeza ataphimbidwa kale nsalu. Azakhali akuti m'mawa anafunsa kawiri ngati nambala yabwera.

Mapepala adakali ofunda m'thumba la jekete.

Lamulungu
Mwambo wa maliro. Wowerenga mbiri ya malemu alibe cholembedwa, abale aloza ine. Ndawerenga magazini yonse: sitima, chikepe chotsikira pansi, wailesi imene anabwera nayo, ija tinkaizinga mudzi wonse. Anthu aseka pa nkhani ya zaka za mkulu wawo. Sindinakhalepo ndi owerenga ochuluka chotere.

Pochoka kumanda, madoda asanu ndi awiri otsalawo andipatsa moni mmodzimmodzi. Mmodzi wa a ku Halale wandikoka mkono: "Nkhani yanganso mwaisunga bwino? Muzikweza mawu, kumbuyo sitimamva."

Ndiye kuti izituluka ndithu. Kasanu ndi kawiri, kamodzi pa maliro alionse. Fomu ili patebulo. Pa funso la kangati pachaka ndafufuta kanayi, ndipo sindikufuna kudziwa cholembapo.