Sabata Yomwe Ndinasiya Kuyankha Foni ya Bambo a Tadala

Lolemba

Ndamaliza gawo lina la sewero lakale la ku Korea lomwe ndinabwereka ku laibulale. Mtsikana wakhala masiku atatu osayankha foni. Mnyamata wathamanga pamvula wopanda ambulera, waima pansi pa zenera mpaka kukomoka. Ndalira, yunifomu yanga ya kuchipatala yonse yanyowa.

Ine m'banja zaka makumi awiri ndi ziwiri. Bambo a Tadala amagwira ntchito ku Indianapolis, amagona komweko m'dera la Speedway, kuno ku South Bend amabwera kawiri pa mwezi. Meseji yawo ya tsiku ndi tsiku: "Mwadya?" Basi. Munthu wabwino, koma ndikufuna ndisanafe ndimve kamodzi kokha kuti amandisowa. Pulani: kuyambira lero foni yawo sindiyankha.

Lachiwiri

"Mwadya?" Ine chete. Chala chikuyabwa, ndiye foni ndaitsekera m'kabati ya mbale. Aimba kawiri. Zikuyenda! Azanyengo akuti Lachinayi kugwa mvula. Mulungu ndi wabwino.

Lachitatu

Zomwe ndikuyembekeza: maluwa, kalata yolemba pamanja, munthu wonyowa pakhomo.

Zomwe zafika: meseji ya mwana wathu Tadala kuchokera ku koleji, m'Chingerezi chake chija. Akuti adadi akufunsa ngati foni yanga yafa kuti agule ina. Ndamuyankha kuti foni ili bwinobwino. Pamenepo ndadziwombera ndekha.

Lachinayi

Mvula yagwadi. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuchipatala, ndakhala pazenera nditavala diresi yanga yobiriwira. Wabwera ndi wamakalata yekha.

Masana foni yalira: amalume a ku Dedza, ankhoswe anga. Amenewo sindingawasiye. Akuti amuna anga aimbira ankhoswe awo ku Ntcheu, kuwauza kuti mkazi wasiya kulankhula, banja likugwedezeka.

"Mwana wanga, ngati akuzunza, nena."

Amalumewa, mkulu wa mpingo wa imvi, ndiwauza bwanji kuti ndikutsanzira sewero? Ndangoti nkhani ndi yaitali. Ati ndiye bwalo Lamulungu, pavidiyo, mbali zonse ziwiri.

Lachisanu

Amayi a mvano ku Indianapolis amva kale. Wina wanditumizira vesi la kupirira. Wina akuti anawaona bambo pa Lafayette Road akugula anyezi mmodzi, atawonda. Masiku anayi okha, atawonda!

Manyazi andigwira, kuimba ndikuopa. Ndaonera gawo lotsatira: mtsikana wakwera sitima kukapepesa maso ndi maso. Mawa nane ndipita kwa bambo osawauza. Sabata ino si yoti abwere kuno, ali pa ntchito.

Loweruka

Maola awiri ndi theka pamsewu. Ndafika ku Speedway, galimoto yawo palibe. Neba akuti achoka m'mawa atavala suti. Foni yalira, ndayankha. Ali pakhomo panga ku South Bend! Apempha tchuthi, ndipo tadutsana pafupi ndi Kokomo osaonana. Zoterezi ndikaziona pa kanema ndimatukwana wolemba.

Ati, "Musasunthe."

Kiyi wa nyumbayi ndilibe. Ndiye woima pansi pa zenera ndi ine, kumva fungo la nyama yowotcha ya eni ake, mimba ikulira, mpaka bambo abwerera kudzandipeza.

Lamulungu

Bwalo. Ankhoswe anayi akumana kumudzi, apanikizana pa foni imodzi, kumbuyo tambala akulira. Ndaulula zonse. Amalume avula magalasi, afunsa kuti mnyamata wa ku Koreayo ndinadziwana naye bwanji. Kufotokoza kwatenga theka la ola.

Kenako ati mkamwini alankhule. Bambo a Tadala ati:

"Kuyambira Lachitatu chakudya sichimalowa. Ndimati mwina atopa nane. Ine popanda iwowa, dziko lino sindingalikwanitse."

Pamaso pa amalume! Ndasangalala mpaka ndachita mantha.

Chigamulo: foni iziyankhidwa, ndipo sewerolo tizionera limodzi kuti mkamwini naye aphunzire. Tayamba masana ano. Gawo loyamba lisanafike pakati agona, akuliza mkonono, mutu uli paphewa langa. Munthuyu sadzathamanga pamvula, ndavomera. Phewa lachita dzanzi, rimoti ili kutali, koma sindisuntha. Zikomo Ambuye.