Tsiku limene ndinali ndi pakati ku lesitilanti

Senderani kuno ndikuuzeni manyazi anga. Koma wopanda mano aseke chotseka pakamwa, tingamuwerengere otsala.

Paja ine ndili ndi matenda a tirigu, adokotala amati siliyaki. Ndikangolawa buledi, mandasi, olo kafulawa kogwera mu supu, mimba imatupa ngati ng'oma, masiku atatu adilesi yanga ndi kuchimbudzi. Ndiye zaka ziwiri ndinali ndisanadyeko kunja.

Tsiku lina mwana wanga Wongani, amene ndimakhala naye ku Nkhorongo, akuti Loweruka masana tikadye ku lesitilanti m'tauni, iye ndi mkazi wake Tamara ali ndi nkhani yondiuza. Akuti ndisaope, pa menyu analemba kuti gluten free, zopanda tirigu. Ine zolembalemba sindizikhulupirira. Pepala silitsegula m'mimba, amatsegula ndi munthu.

Tsikulo litafika ndinaganiza zotsogola ndikaonane ndi ophika. Ndinatsegula dirowa, kutenga buku la kuchipatala, kukwera kabaza. Sukulu ndinangoidutsa panja, koma buku langa ndimalidziwa mtundu wake.

Nditafika ndinauza mayi woperekera zakudya kuti ndikufuna kulowa kukhitchini. Anakana, akuti makasitomala saloledwa. Ndinangomupatsa buku kuti adziwerengere yekha vuto langa.

Anawerenga, kundiyang'ana, kuwerenganso. Anafunsa ngati ndine Mayi Longwe. Ndinati ndine, angandione ngati ndaba buku?

"Amama, apa alemba kuti miyezi itatu."

"Analakwitsa amenewo. Chino ndi chaka chachiwiri."

Mayi uja anakhala pampando osauzidwa. Anafunsa kuti ndimamva bwanji m'thupi. Ndinamuuza zonse: mseru, kufooka, mimba kukula. Ndinawonjeza kuti adokotala anati sizichoka, ndifa nazo.

Anathamanga kukaitana wophika wamkulu, bambo Saidi a ku Mangochi. Nawo anawerenga, kuvula kofia, kukanda mutu, kenaka mwaulemu kwambiri anafunsa ngati abambo kunyumba akudziwa.

"Abambo anatisiya zaka khumi zapitazo. Izi zangobwera zokha."

Inu, ulemu umene ndinalandira! Uyu khushoni, uyu madzi ozizira. Bambo Saidi akuti munthu wa mmene ndililimu sakanizidwa kanthu, ndilowe kukhitchini ndisankhe chimene mtima ukufuna. Ine mumtima ndimvekere, ehe, matenda anga atchuka chomene.

Ndipo ndinachita bwino kulowa. Batala, nsomba imene amati ndi ya gluten free, anali akumugubuduza mu fulawa kuti akhale wokhukhuluza, tchipisi akukazinga m'mafuta momwe mwangotuluka samusa. Ndinamanga chitenje. Ndinawatsukitsa poto kawiri, mafuta atsopano, nsomba mchere ndi ndimu basi, mpunga muphika wakewake, chipande chakechake. Bambo wamkulu uja ankangoti yes amama, sorry amama, mpaka anauza anzake kuti kuyambira lero poto ameneyo asakhudzenso fulawa.

Wongani ndi Tamara anandipeza nditakhala pakhushoni ngati bwana. Asanakhale n'komwe, mayi woperekera uja anamukokera Wongani pambali n'kuyamba kumukalipira monong'ona, koma mawu ake ngofika ku Chibavi. Akuti alibe chisoni, munthu woyembekezera, wa zaka zimenezi, kumulekerera pa kabaza.

Tamara anayang'ana buku lili patebulo, n'kugwira pakamwa.

"Amama, limenelo ndi langa. La kusikelo. Nkhani tinakuitanirani ndi yomweyo."

Iyenso paja ndi Mayi Longwe, ndipo mabuku athu amagona dirowa imodzi.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudikira mdzukulu, inu. Manyazi ndinaiwala. Ndinaimirira, nthungululu mpaka magalasi kunjenjemera, n'kumugwira dzanja Wongani kulikweza m'mwamba kuti lesitilanti yonse ione.

"Mimba ija mwini wake ndi uyu! Mwana wanga yemweyu!"

Bambo Saidi anali akubwera ndi batala wanga, mbale n'kuwapulumuka m'manja. Mwayi mayi uja anawakha mbale isanafike pansi. Tamara anachita kuyenda tebulo ndi tebulo kufotokoza, buku lili m'manja.

Ine ndinakhala pansi n'kudya mpaka mutu wa nsomba. Mimba zii. Mawa lake kutchalitchi ndinakhala benchi yakutsogolo, kutali ndi khomo, koyamba pa zaka ziwiri.

Pano ndikapitako poto wanga amatsika yekha, ndipo bambo Saidi amandifunsa kuti tsopano yakwana miyezi ingati. Ndimati yewo, ikukankha bwino.

Mukafuna khitchini ya eni ikutsegukireni, musanyamule buku lanu, nyamulani la mpongozi.