Kachilombo ka mu Diski

Mpaka lero mkazi wanga akamva mawu oti kompyuta amandiyang'ana cham'mbali, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990, ndili mphunzitsi kuno ku Chipata komanso ndikuchita digiri ya pakalata. Kafukufuku wanga anali wa nthabwala zimene anthu a m'maofesi ankatumizirana pa makompyuta, amene anali atangofika kumene m'tauni. Ndiye ndinkazungulira maofesi ndi kadiski m'thumba, kupempha mataipisti kuti andikoperemo nthabwalazo (tayi pakhosi, dzuwa likuswa mtengo, ndikudziona ngati pulofesa kale).

Loweruka lina Mayi Zulu, mmodzi wa mataipisti aja, anandipeza pakhonde ndili ndi mkazi wanga.

"Aphunzitsi, mwandipatsa kachilombo," anatero. "Ndipo si ine ndekha, Mayi Banda nawonso akulira."

Masiku amenewo mawu oti kachilombo anali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo maliro sankatha m'dera lathu. Mkazi wanga anaika pansi nsalu imene ankasoka.

Apa munthu wanzeru akanatchula kompyuta msanga. Ine ndinati, "Pepani, sindimadziwa kuti ndili nako. Mwina ndinakatenga kwa mtsikana uja wa ku ofesi ya fodya."

"Alipo angati?" anafunsa mkazi wanga motsitsa mawu.

"Asanu ndi awiri," ndinayankha monyadira, poganiza kuti tsopano wayamba kuchita chidwi ndi maphunziro anga.

Pofika madzulo anali atamanga katundu, ulendo wa kwawo ku Tamanda. Mantha anandigwira zenizeni, banja linali kutha ine ndikuona. Ndinachonderera mpaka anavomera kupita Lolemba ku ofesi ya Mayi Zulu pamodzi ndi amalume ake, mkulu wa mpingo. Kumeneko anaona zilembo zikuyoyoka zokha pagalasi la kompyuta. Amalume anasuzumira kuseri kwa makinawo, kenako anandiyang'ana.

"Chabwino mkamwini, makina adwala. Nanga mwamuna wapabanja amafunanji kwa akazi asanu ndi awiri?"

Mkazi wanga anamasula katundu, koma atandiikira malamulo awiri: kukayezetsa magazi (ndinapita, sanapeze kanthu) ndi kusayandikiranso desiki ya mkazi aliyense. Zimene ndinatolera kwa mataipisti aja kachilombo kanali katadya zonse, choncho ndinayambiranso ndi makalaliki aamuna okhaokha.

Wondiyesa ku yunivesite anafunsa chifukwa chake m'kafukufuku yense munalibe mawu a mkazi ngakhale mmodzi. Ndinayankha kuti ndi nkhani ya chikhalidwe chathu, ndipo anandiyamikira.